Munthu Amene Sanali M'bukumo

MUTU 6

1. Makatoni afika

Kwathu ku Mahdia ena amadziwa kuti chilimwe chafika akaona alendo atadzaza kugombe. Ku laibulale ya m'dera lathu amadziwira makatoni. Sabata yomaliza ya Juni galimoto imatsitsa makatoni anayi a mabuku atsopano pakhomo, ndipo tsiku limenelo anthu aimvi ogwira ntchito mmenemo amaiwala zaka zawo.

Woyamba kuiwala ankakhala Madame Jalila. Anali atagwira ntchito mu laibulalemo zaka makumi atatu ndi chimodzi, koma katoni ikafika sankadikira mpeni. Ankang'amba tepi ndi kiyi wa nyumba yawo, n'kumatulutsa mabuku limodzilimodzi, kumawanunkhiza ngati buledi wochoka kumene mu uvuni.

Mabuku a ndakatulo ankawalandira mwaulemu. A mbiri yakale chimodzimodzi. Koma mtima wawo unali pa amene iwo ankawatcha osagonetsa: nkhani za mwamuna amene mkazi wake sakumudziwa ngakhale akhala limodzi zaka khumi, za mchemwali womwetulira uku akukumba dzenje, za wofotokoza nkhani amene umamukhulupirira mpaka tsamba lomaliza kenako n'kupeza kuti wakhala akukunamiza. Akapeza lotero ankalikumbatira pachifuwa n'kumaitana aliyense kuti adzaone chikuto.

Am Taoufik, bambo wachikulire amene ankasoka ndi kumata mabuku ong'ambika kuchipinda chakumbuyo, sankatopa kuwaseka. Ankati mayi wopemphera kasanu patsiku sayenera kusangalala chotere ndi anthu ophana. Madame Jalila ankayankha kuti munthu amene wakalamba akununkhiza guluu alibe choti angaphunzitse mnzake pa nkhani ya chisangalalo.

Panali mwambo wake. Buku la nkhani latsopano silinkapita pa shelefu Madame Jalila asanaliwerenge. Akamaliza ankalemba kapepala pamanja n'kukamata pachikuto. Pena kankati, "Ili musawerenge muli nokha m'nyumba." Pena kankati, "Mukafika tsamba 90 mudzandikwiyira, koma pitirizani." Mathero okha sankaulula, ngakhale utawagwira mwendo. Ndipo owerenga awo ankawadziwa monga mayi adziwira kuti mwana uyu sadya tsabola, uyu sadya nsomba. Akakupatsa buku ndi dzanja lawo, unkadziwa kuti alisankhira iweyo.

Nawres anali mmodzi wa owerenga amenewo. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu. Anayamba kubwera ali ndi zaka khumi, chaka chimene boti la bambo ake linapita kukapha nsomba osabwereranso. Masiku amenewo ankakhala pakona osayankhula ndi munthu. Madame Jalila sanamufunse kanthu. Anangoyamba kumuikira mabuku patebulo, ndipo kwa zaka zisanu sanamupatseko ngakhale limodzi lokhala ndi munthu womira m'madzi. Awiriwa sanakambiranepo zimenezi, koma Nawres ankazidziwa. Ana onse ankati Madame. Iye yekha ankati Khalti, ngati kuti anali mchemwali wa mayi ake.

2. Chinsinsi cha kuchipinda chakumbuyo

Ine sindine Madame Jalila, kubisa sindikutha, choncho ndikuuziranitu. Chaka chimenecho maso awo anali akutha. Matenda a shuga anali atawadya pang'onopang'ono, ndipo pofika Malichi zilembo sankaziona n'komwe. Anthu ankawazindikira ndi mawu. Mashelefu ankawadziwa ndi manja.

Amene ankadziwa anali Am Taoufik okha, ndipo Madame Jalila anali atawalumbiritsa kuti asauze munthu. Chifukwa chake chinali chosabisika. Laibulale inali italandira mkulu watsopano, Madame Henda, mayi wachitsikana wopanda mtima woipa koma wotsata malamulo. Akanamva akanayenera kulemba kalata, madokotala akanayeza, ndipo Madame Jalila akanauzidwa kuti akapume kunyumba. Kunyumbako kunalibe munthu. Amuna awo anamwalira kalekale, ndipo ana Mulungu sanawapatse.

"Mungondilola ndimalize chilimwe chino," anawapempha motero Am Taoufik. "Makatoni awa okha, kenako ndidzanena ndekha."

Choncho m'mawa uliwonse, zitseko zisanatsegulidwe, Am Taoufik ankawawerengera mawu a kumbuyo kwa chikuto ndi mutu woyamba. Nthawi inkathera pomwepo, poti m'chilimwe maofesi amatseka ikangodutsa wani koloko, komanso nkhalambayo inkawerenga ngati ikuwoloka mtsinje. Zotsalazo Madame Jalila ankazilumikiza okha m'mutu, popeza mabuku otere anali atawerenga mazanamazana. Kenako ankalemba kapepala kawo ndi zilembo zikuluzikulu. Anthu ankangoti Madame asintha kalembedwe.

Sabata yachiwiri ya Julayi Nawres analowa n'kupereka moni. Madame Jalila atamva mawu ake anapisa dzanja pansi pa tebulo n'kutulutsa buku lachikuto chabuluu.

"Ili ndakusungira, mwana wanga. Ndinalimaliza tsiku limodzi, ndipo tsamba lililonse ndimaganiza za iwe."

Pachikuto panali nyumba ndi zenera lotsegula. Kumbuyo kunangolembedwa za mtsikana amene akukayikira amalume ake. M'mutu woyamba munalibe madzi ngakhale a m'kapu.

Madziwo anali m'mutu wachisanu ndi chinayi. Mmenemo bambo wa mtsikana wa m'nkhaniyo amamira m'nyanja, ndipo wolembayo sanasiyeko kanthu. Anali masamba khumi ndi awiri a kuzizira, a mchere m'kamwa, a bambo akuyesa kuitana dzina la mwana wake. Nawres anawerenga atakhala pakhonde, mayi ake ali kuntchito. Anawerenga onse khumi ndi awiri chifukwa analephera kusiya. Atamaliza anathamangira kubafa kukasanza, ndipo masiku awiri chakudya sichinalowe.

3. Chenjezo la Am Taoufik

Tsiku lachitatu chisoni chinasanduka mkwiyo. Nawres anali atawerenga mabuku osagonetsa ambiri, choncho kusonkhanitsa zizindikiro ankakudziwa. Anapita ku laibulale Lachitatu, analambalala tebulo la Madame Jalila osapereka moni, n'kukaima pa shelefu ya mabuku atsopano.

Anawerenga timapepala tonse. Chaka chino panalibe n'kamodzi komwe kotchula nambala ya tsamba. Mawu ake anali oti ukhoza kuwamata pa buku lililonse. Chidindo cha tsiku lobwezera chinali chopendekeka paliponse. Nawres anaphatikiza izi ndi izo n'kupeza yankho lake: Khalti asiya kuwerenga, akungonama. Za maso sanaziganizire ngakhale pang'ono. Pa msinkhu umenewo munthu sadziwa kuti maso amatha, amangodziwa kuti anthu amasiya kukukonda.

Analowa kuchipinda chakumbuyo n'kuwayalira Am Taoufik umboni wake wonse, ndi za mutu wachisanu ndi chinayi zomwe. Nkhalambayo inaika burashi ya guluu pansi, n'kuvula magalasi. Kenako inamuuza kuti akhale pampando.

"Nawres mwana wanga, ndakumva, ndipo sindikunena kuti sunapwetekedwe. Wapwetekedwa kwambiri. Koma tamvera nkhalamba. Ntchito yanga ine ndi ya mabuku ong'ambika. Buku likabwera pano tsamba litachoka, sindiyamba n'kufunsa kuti wang'amba ndani. Ndimayamba ndayang'ana msana wake, chifukwa nthawi zambiri palibe amene wang'amba, ulusi wangotha ndi ukalamba. Iwe waona tsamba lochoka, basi wathamangira kufuna wolakwa.

"Mabuku ako aja akuphunzitsa kuti aliyense wobisa kanthu ndi chigawenga. M'buku n'zoona, poti wolembayo akufuna usagone. Kunja kuno anthu ambiri amabisa chifukwa cha manyazi ndi mantha, osati chifukwa cha nkhanza. Safunsa anadya phula, mwana wanga. Upite kwa iwo ali okha, utseke chitseko, uwafunse monga mwana afunsira mayi ake. Akakuyankha zosamveka, ubwere kuno udzandilalatire ineyo, ndili ndi makutu awiri. Koma usawafunse pagulu. Munthu wamkulu ukamuvula pagulu, ngakhale utamubwezera nsalu yake nthawi yomweyo, anthu aona kale."

Nawres anafunsa ngati iwo akudziwapo kanthu. Am Taoufik anati pali zina zimene analumbira kuti sanena, ndipo sangaphwanye lumbiro ali ndi imvi chonchi. Yankho limeneli ndi limene linawonongeratu zinthu. M'mabuku a Nawres, munthu wosunga chinsinsi amakhala mnzake wa wolakwa.

"Ndiye kuti nonse ndinu amodzi," anatero mtsikanayo, n'kutuluka.

Apa nkhalambayo nayo inalakwa, tisaibisire. Inayenera kupita kwa Madame Jalila tsiku lomwelo. Koma inaopa kuwauza kuti dzanja lawo lapereka buku lotero kwa mwana wa msodzi womira. Inati idikire Lachinayi lidutse, idzawauze bwinobwino Lachisanu.

4. Lachinayi

M'chilimwe, Lachinayi lililonse leveni koloko, achinyamata ankasonkhana m'chipinda chachikulu kukambirana mabuku. Pankakhala botolo la madzi a mandimu ozizira ndi timakapu tapepala. Limeneli linali ola la Madame Jalila. Ankakhala kutsogolo, mulu wa mabuku pambali, n'kumakokera ana m'nkhani mpaka kuwasiya pamene mtima uli m'mwamba.

Tsiku limenelo kumbuyo kunakhala Madame Henda ndi kope lawo. Anabwera kudzaona gululi chifukwa ankafuna kulembera akuluakulu kuti ndi labwino, liwonjezeredwe mabuku.

Itakwana nthawi ya mafunso, Nawres anakweza buku labuluu lija.

"Khalti, m'bukuli munthu amene wandisokoneza ndi mlonda wa pasukulu uja, wotsimphina, Khemais. Inu munamuona bwanji?"

M'bukumo munalibe mlonda. Madame Jalila akanatha kuyankha monga mwa nthawi zonse kuti mathero saulula. Koma anali atatha masiku asanu osamva mawu a Nawres, ndipo atawamva anasangalala mpaka kuiwala kusamala.

"Ameneyo usamukhulupirire," anatero akugwedeza chala. "Munthu wotsimphina koma paliponse akufika ena asanafike? Uzidzifunsa kuti mwendowo ukuwawadi kapena ukuwawa pamene pali anthu."

Ana anaseka. Madame Jalila anapitiriza, anamuveka mlondayo chipewa, anamupatsa makiyi ambirimbiri ndi chizolowezi choyang'ana pansi akamapereka moni. Kunena zoona ankamufotokoza bwino kuposa mmene wolemba aliyense akanachitira. Pakhomo Am Taoufik anatsokomola kawiri, koma palibe anawamva.

Mpaka apa Nawres akanatha kusiya. Yankho anali atalipeza. Akanatha kukhala chete, n'kudikira anzake atuluke, n'kutseka chitseko. M'malo mwake anaimirira.

"M'buku muno mulibe mlonda. Mulibe Khemais. Ndamupeka ine pompano."

Kenako wina anaseka chobisa, ena awiri n'kutsatira. Madame Jalila anati mwina asokoneza ndi buku lina, poti chilimwe chino abwera ambiri. Mawu awo anali atachepa. Nawres anapita kutsogolo, anatsegula mutu wachisanu ndi chinayi, n'kuwaika bukulo m'manja.

"Munati tsamba lililonse mumaganiza za ine. Tiwerengereni tsamba ili, tonse timve zimene mumandiganizira."

Madame Jalila anayandikitsa bukulo kumaso mpaka mphuno inakhudza pepala. Analitalikitsa. Anatembenukira kuzenera kumene kunali kuwala, anaika chala pamzere woyamba, milomo inagwedera koma mawu sanatuluke. Ana amene ankaseka aja anasiya. Pomaliza anaika bukulo pamiyendo.

"Sindikuona, mwana wanga. Chiyambire Malichi sindiona zilembo. Pali chiyani patsambali?"

Mtsikana wina amene anakhala pafupi anasuzumira, anawerenga mizere ingapo, n'kunena chapansipansi kuti pali bambo akumira m'nyanja.

"Limeneli ndinakupatsa ndine?" anafunsa Madame Jalila. "Ndi dzanja langa?"

Nawres anavomera ndi mutu, kenako anakumbukira kuti samuona. Anati, "Inde, Khalti."

Mayiyo sanalirire maso awo. Sanalirire ntchito yawo, ngakhale ankadziwa bwino amene anakhala kumbuyo ndi kope. Anagwira pakamwa ndi manja onse awiri, misozi ikuyenderera m'zala, n'kunena kuti, "Undikhululukire." Nawres anabwera kudzafuna mawu amenewo. Atawalandira analakalaka akanapanda kuwamva.

Madame Henda anauza ana kuti zokambirana zatha. Anapita kutsogolo, anawagwira Madame Jalila pamkono mwaulemu n'kupita nawo ku ofesi. Pa zaka makumi atatu ndi chimodzi aka kanali koyamba kuti wina awatsogolere m'nyumba imeneyo.

5. Mawu a mayi

Lolemba pampando wa Madame Jalila panalibe munthu. Kalata inali italembedwa. Amene anaona amati Madame Henda analemba akulira, komabe analemba. Mabuku atsopano anakwera pa shelefu opanda timapepala, ndipo katoni yachinayi inali pakona yosatsegula chifukwa panalibe amene anali ndi mtima woitsegula.

Am Taoufik sanamukalipire Nawres. Anangoti nawonso ali ndi mbali yawo pa nkhaniyi, n'kupitiriza kusoka buku. Mtsikanayo akanakonda akanamulalatira.

Nkhani sigona kwathu kuno. Mayi ake a Nawres, a Mabrouka, anaimva kumsika Lachiwiri akugula tomato. Atafika kunyumba anaika dengu pansi, anamuitana mwana wawo n'kumukhazika patsogolo pawo.

"Chaka chimene bambo ako anapita, ine ndinalibe mawu oti ndikupatse. Ndinkakuona ukuuma, koma nanenso ndinali wouma. Mayi amene uja ndi amene anakubwezera pakamwa. Tsiku lina ndinakawathokoza, ndipo anandiuza kuti buku lililonse lopita kwa iwe amaliwerenga kawiri, koyamba kuti asangalale, kachiwiri kufufuza madzi. Zaka zisanu akuchita zimenezo. Alakwitsa kamodzi, maso atatha, ndiye iwe wakawaimika pamaso pa ana anzako ngati wakuba nkhuku.

"Chifukwa chokwiyira unali nacho, sindikukana. Chifukwa chowachititsa manyazi unalibe. Am Taoufik anakutsina khutu, iwe unati ndine wophunzira, ndawerenga mabuku. Tsopano madzi atayika, saoleka. Ntchito yawo sungaibweze, ngakhale utalira mpaka Okutobala. Ndipo ndikuchenjeze, usapite kwawo ndi misozi yakoyo kuti akakutonthoze. Si ntchito ya munthu wosaona kupukuta misozi ya wopenya. Ngati ukupita, upite ndi chinthu chimene akuchisowa. Ngati ulibe, khala pakhomo pano usende anyezi."

Nawres analira, koma mayi ake sanamugwire paphewa. Anamusiya alire n'kukayamba kuphika.

M'mawa mwake mtsikanayo anapita kuchipinda chakumbuyo n'kupempha Am Taoufik kuti atsegule katoni yachinayi. Nkhalambayo inamuyang'ana pamwamba pa magalasi, inatenga mpeni n'kudula tepi. Nawres anasankha buku limodzi losagonetsa, lonenepa bwino. Am Taoufik analidinda okha, analilemba pa khadi lake, ndipo anamuuza msewu ndi mtundu wa chitseko.

6. Pakhomo pa Madame Jalila

Anadikira dzuwa lipepe. Cha m'ma faifi koloko anafika m'kanjira kopapatiza kuseri kwa msika, pa chitseko chobiriwira. Asanagogode, mayi wina wa nyumba yoyandikana, amene ankathira madzi pakhomo pake kuti fumbi ligone, anamufunsa ngati wabwera kudzatsanzika. Nawres sanamvetse. Mayiyo anafotokoza kuti mlongo wawo wa Madame Jalila akubwera Loweruka kuchokera ku Gabes kudzawatenga, poti munthu wosaona komanso wopanda kopita m'mawa sangakhale yekha. Nyumbayo aitseka.

Nawres anagogoda. Panapita nthawi. Kenako anamva mapazi akubwera pang'onopang'ono ndi dzanja likukwekwesa khoma.

"Ndani?"

"Ndine Nawres, Khalti. Ndabwera ndi buku latsopano la m'katoni yomaliza ija. Ndimati ndikuwerengereni."

Nawres ankamva kupuma kwawo kuseri kwa chitseko.

"Madame Jalila wa mabuku ukamufune ku laibulale," anayankha mawuwo. Munalibe mkwiyo, munali kutopa kokha. "Muno muli mayi wosaona amene akulongedza zovala."

Mtsikanayo anafuna kupepesa, anafuna kulira, koma anakumbukira zimene mayi ake ananena. Anameza misozi. Anakhala pansi pa sitepe yotentha, anatsamira chitseko, anatsegula bukulo n'kuyamba kuwerenga mokweza. Mayi wothira madzi uja anaima ndi ndowa m'manja, kenako analowa m'nyumba mwake n'kutseka zenera. Njinga yamoto inadutsa, Nawres anadikira, n'kubwereza chiganizo chimene chinasokonezekacho.

Anawerenga mutu woyamba wonse, masamba khumi ndi anayi, osadziwa ngati akuwerengera munthu kapena thabwa. Pamenepo mawu anamveka chapafupi kwambiri, chapansi, kumbuyo kwa msana wake. Madame Jalila anali atakhala pansi kuseri kwa chitseko nthawi yonseyi.

"Wawerenga bwino. Ndine ndinakuphunzitsa kupuma pamene wolemba wapuma, ndipo sunaiwale. Tsopano pita kwanu, mwana wanga, ndipo usabwerenso. Zanditayika zambiri sabata ino. Usandiyambitse chinthu china choti ndikachisiye Loweruka."

"Khalti."

Nawres anamva mayiyo akudzuka movutikira, dzanja likufufuza pachitseko. Anaganiza kuti akutsegula. Kiyi anazungulira kawiri, koma kunali kukhoma.

Mtsikanayo anakhala pa sitepeyo misozi ikugwera pachikuto. Anaipukuta ndi malaya kuti isawononge buku la laibulale. Anatsegula tsamba la zamkatimu n'kuwerenga mitu ndi chala. Inalipo makumi atatu ndi iwiri, ndipo Loweruka linali litatsala masiku atatu. Mapazi aja sanamveke akuchoka pachitseko. Nawres anatsegula mutu wachiwiri.